Akatswiri a zamankhwala ku A&E: Britain yapereka cholembera, funso latsala pa maphunziro

Kuyambira pakati pa chaka cha 2026, katswiri wa zamankhwala aliyense amene waphunzira m'ndondomeko yatsopano n'kulembedwa m'kaundula wa ku Britain akhala ndi mphamvu yolembera odwala mankhwala kuyambira tsiku lake loyamba pantchito, popanda kudikira siginecha ya dotolo. Bungwe loyang'anira ntchitoyi, la General Pharmaceutical Council, lidakhazikitsa malamulo amenewa mu 2021, ndipo ophunzira oyamba kudutsa njirayi ndi amene adalowa chaka chawo chophunzirira pantchito mu 2025, atamaliza zaka zinayi za digiri ku yunivesite.

Kwa akuluakulu a NHS, bungwe limene limayendetsa zipatala za boma m'dzikolo, nkhaniyi ikumveka ngati mabingu a mvula yoyamba. Madipatimenti a ngozi ndi matenda adzidzidzi, amene kumeneko amangowatchula kuti A&E, adzaza mpaka m'makonde, madotolo ndi operewera, ndipo pano pakutuluka gulu la achinyamata ophunzira bwino amene lamulo lawaikira cholembera m'manja. Maganizo oti ena mwa iwo akathandize pakhomo la A&E ndi osavuta kuwamvetsa. Koma chilolezo cholemba mankhwala ndi china, ndipo luso lozindikira chimene chikumuvuta munthu amene wangolowa kumene atagwira pamimba ndi chinanso. Pakati pa ziwirizi pali maphunziro a pambuyo pa digiri, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Changu chimene chilipo chili ndi chifukwa chake. Mu 2004 boma lidalamula kuti odwala 98 pa 100 alionse ofika ku A&E m'zipatala za ku England azikhala atathandizidwa n'kubwerera kwawo, kugonekedwa kapena kutumizidwa kwina pasanathe maola 4. Mu 2010 mlingowu udatsitsidwa kufika pa 95. Ngakhale pamenepo, mwezi womaliza umene England yonse idaukwanitsa ndi Julayi 2015. M'zaka zaposachedwa wodwala mmodzi mwa anayi alionse, nthawi zina kuposa apo, amapitirira maola anayiwo. Bungwe la madotolo a matenda adzidzidzi la Royal College of Emergency Medicine lidawerengetsera kuti mu 2023 mokha imfa pafupifupi 14,000 zidakhudzana ndi kudikira bedi kwa maola 12 kapena kuposa. Mu Sepitembala 2024, dotolo wa maopaleshoni Lord Darzi, amene boma latsopano lidamutuma kuti aunike NHS, adanena m'lipoti lake kuti bungweli lili mwakayakaya.

Kulola anthu amene si madotolo kuti azilemba mankhwala sikudayambe dzulo ku Britain, ndipo kudayenda pang'onopang'ono. Lipoti la Dr June Crown la mu 1999 ndi limene lidatsegula khomo. Mu 2003 akatswiri a zamankhwala adaloledwa kulemba mankhwala potsatira dongosolo limene dotolo wagwirizana nalo pa wodwala mmodzimmodzi: dotolo apeze matenda, iwo apitirize chithandizo. Mu 2006 adapatsidwa mphamvu yoima paokha, kutanthauza kuti wolemba mankhwalayo ndi yemweyo amene ali ndi udindo wopima wodwala ndi kusankha chochita. Mu 2012 mphamvuyi idafika pa mankhwala amphamvu amene lamulo limawatsekera m'kabati, monga morphine. Mu 2022 lamulo loti munthu ayambe wagwira ntchito zaka ziwiri asanalowe kosi yolemba mankhwala lidachotsedwa. Chingwe chakhala chikumasulidwa mfundo imodziimodzi, ndipo 2026 ndi mfundo yomaliza.

Kwa Amalawi, munthu amene si dotolo kupima wodwala ndi kumulembera mankhwala si chachilendo. M'zipatala za m'maboma ndi zing'onozing'ono za kumidzi, ma clinical officer ndi ma medical assistant ndiwo akhala akunyamula ntchitoyi kwa zaka zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti iwowa amaphunzitsidwa kupima thupi kuyambira pachiyambi, kenako n'kuphunzira mankhwala oyenera pa zimene apeza. Katswiri wa ku famase amachokera mbali inayo: amawadziwa mankhwala mozama kuposa wina aliyense m'chipatala, momwe amayendera m'magazi, momwe amalimbanirana okhaokha, momwe impso ndi chiwindi zimawatulutsira, koma mwina sadagwirepo mimba ya munthu kuti amve ngati yauma. Ku Malawi digiri ya zamankhwala idayamba ku College of Medicine mu 2006, chaka chomwecho chimene anzawo a ku Britain amalandira mphamvu yolemba mankhwala paokha.

Kosi imene akatswiri akale a ku Britain amachita kuti apeze chilolezochi ndi yaifupi: masiku 26 a maphunziro ndi maola 90 ophunzirira pa odwala enieni pansi pa woyang'anira. Wophunzira amasankha gawo limodzi la matenda limene akulidziwa kale, monga kuthamanga kwa magazi, mphumu, shuga kapena mankhwala oletsa magazi kuundana. Kumeneko ntchito imayenda bwino chifukwa wodwala amabwera ndi dzina la matenda ake. Wina adampima kale. Funso limene latsala ndi la mlingo wa mankhwala, kusintha mtundu, kapena kusiya ena amene sakuthandiza, ndipo pa mafunso oterewa katswiri wa zamankhwala ali pakwawo.

Pakhomo la A&E palibe amene amabwera ndi dzina la matenda. Amabwera ndi dandaulo. Bambo wa zaka 55 amene akuti pachifuwa pakuwotcha akhoza kukhala ndi chilungulira chabe, akhozanso kukhala kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Mayi wachitsikana amene akumva kupweteka m'munsi mwa mimba akhoza kukhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, amene amatha ndi maantibayotiki a masiku atatu, kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero, imene ikaphulika imapha m'maola ochepa. Katumba wa mwendo wotupa akhoza kukhala kuti munthu adabinya pothamanga, kapena magazi aundana mumtsempha ndipo ali paulendo wopita m'mapapo. Mutu wopweteka nthawi zambiri ndi mutu chabe, koma mwa anthu ambirimbiri amene amabwera nawo mumakhala mmodzi amene ali ndi matenda oumitsa khosi kapena magazi akuchucha mu ubongo. Ntchito ya A&E kwenikweni ndi kupeza mmodzi ameneyo pakati pa khamulo, nthawi ya 3 koloko usiku, anthu ena makumi anayi akudikira panja. Maola 90 a ku kiliniki ya shuga saphunzitsa zimenezi.

Umboni womveka bwino pa nkhaniyi udachokera ku kafukufuku amene bungwe la Health Education England lidathandiza mu 2015, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2017. Akatswiri a zamankhwala adaikidwa m'madipatimenti a A&E 49 a ku England, ndipo adaunika odwala 18,613, aliyense n'kumuika m'gulu la amene akadatha kumuthandiza. Chiwerengero chimene chidatchuka kwambiri ndi chakuti odwala pafupifupi 36 pa 100 alionse akadatha kuthandizidwa ndi katswiri wa zamankhwala. Ndi chiwerengero chokoma m'makutu a nduna iliyonse ya zaumoyo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwa odwala onsewo, pafupifupi 4 pa 100 ndi amene akadathandizidwa ku famase wamba ya m'tauni. Enanso pafupifupi 4 pa 100 ndi amene akadathandizidwa ndi katswiri wokhala ndi chilolezo cholemba mankhwala basi. Gawo lalikulu, pafupifupi 28 pa 100, lidafuna katswiri wokhala ndi chilolezo komanso maphunziro ena owonjezera a kupima ndi kupeza matenda. Otsalawo, oposa 64 pa 100, adali a madotolo okha.

Tanthauzo lake ndi lowawa kwa amene akuganiza kuti 2026 yathetsa vuto. Chilolezo pachokha chimangowonjezera odwala anayi pa 100 alionse. Phindu lonse limene anthu amalitchula lili m'maphunziro amene amabwera pambuyo pake. Ndiponso kafukufukuyu adali woyerekeza: odwalawo adathandizidwa ndi madotolo ndi anamwino monga mwa nthawi zonse, akatswiri a zamankhwala ankangoona n'kunena kuti uyu tikadamutha. Kunena kuti ndikadatha ndi kosavuta pamene wina wapima kale ndipo wodwala wabwerera kwawo ali moyo.

Ndiye maphunziro owonjezerawo amakhala otani? Mayunivesite angapo adatsegula makosi a pambuyo pa digiri a akatswiri amenewa, ndipo University of Manchester ndi imodzi mwa zimene zidakonza kosi yolunjika pa matenda adzidzidzi. Zimene zimaphunzitsidwa ndi zimene wophunzira udotolo amayamba nazo m'zaka zake za m'mawodi: kufunsa mbiri ya matenda mwadongosolo, kumvetsera mtima ndi mapapo, kugwira mimba, kuyesa mphamvu ya manja ndi miyendo, kuyang'ana m'khutu ndi kukhosi. Pamwamba pake pamabwera kuwerenga zotsatira za magazi, kuwerenga ECG, kuona X-ray ya chifuwa kapena ya fupa lothyoka, kutsuka ndi kusoka bala. Wophunzira amazolowera kuyamba ndi zimene zimapha msanga: njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi, kenako ubongo ndi thupi lonse. Amaphunziranso ndondomeko ya NEWS2, imene Royal College of Physicians idatulutsa mu 2017, yophatikiza kupuma, mpweya wa m'magazi, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi ndi kutsitsimuka kwa wodwala kukhala nambala imodzi yochenjeza kuti munthu akutsetsereka.

Chovuta kuphunzitsa m'kalasi ndi kudziwa malire. Wophunzira wabwino amadziwika ndi changu chimene amathamangira kwa dotolo wamkulu akaona chinthu chimene sakuchimvetsa, ndipo chizolowezi chimenechi chimabwera pokhapokha munthu ataona odwala mazana ambiri, wina wodziwa ali pambali pake kumuuza kuti apa waphonya. N'chifukwa chake ndondomeko ya 2017 ya Health Education England idaika ntchito ya ogwira ntchito zaumoyo a luso lapamwamba pa mlingo wa digiri ya masters, yokhala ndi mizati inayi: kuthandiza odwala, utsogoleri, kuphunzitsa ena ndi kafukufuku. Kwa munthu amene akuphunzira uku akugwira ntchito, ulendowu kawirikawiri umatenga zaka zitatu. Royal College of Emergency Medicine ilinso ndi njira yakeyake yoyesera ogwira ntchito amene si madotolo, yofuna umboni wolembedwa wa odwala amene munthu wawathandiza ndi siginecha za madotolo akuluakulu amene adamuona akugwira ntchito.

Apa pabuka funso limene ngakhale eni ntchitoyi sagwirizana. Kodi katswiri wa zamankhwala akapita ku A&E, akakhale ndani? Pali ntchito ziwiri zimene zimasokonezedwa ngati imodzi. Yoyamba ndi ya katswiri wa mankhwala amene amaima pambali pa madotolo, kuunika mankhwala a wodwala aliyense amene akugonekedwa. Yachiwiri ndi ya munthu amene amatenga khadi la wodwala wotsatira pamzere, n'kumupima yekha, kupeza matenda, kulemba mankhwala ndi kumutulutsa. Makosi ambiri atsopano akukokera ku ntchito yachiwiri, chifukwa ndi imene imaoneka pa chiwerengero cha maola 4. Koma umboni wamphamvu kwambiri uli ku ntchito yoyamba.

Mu 2004 Pulofesa Munir Pirmohamed wa ku University of Liverpool ndi anzake adaunika odwala 18,820 amene adagonekedwa m'zipatala ziwiri za m'dera la Merseyside, ndipo adapeza kuti 6.5 pa 100 alionse adagonekedwa chifukwa cha mankhwala amene ankamwa. Olakwa akuluakulu sadali mankhwala achilendo ayi, koma a tsiku ndi tsiku: aspirin, warfarin, mankhwala okodzetsa ndi opha ululu a gulu la ibuprofen. Kafukufuku wa EQUIP wa mu 2009, amene bungwe la madotolo la General Medical Council lidalipira, adapeza zolakwika pafupifupi 9 pa mankhwala 100 alionse olembedwa m'zipatala 19 za kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo zambiri zidagwidwa ndi a ku famase zisanafike kwa wodwala. Lipoti lina la mu 2018 lidawerengetsera kuti zolakwika zokhudza mankhwala zimafika 237 miliyoni pachaka ku England, ngakhale kuti zambiri mwa izo sizivulaza munthu.

Chitsanzo chake chimapezeka usiku uliwonse m'chipatala chilichonse cha kumeneko. Gogo wa zaka 80 wagwa m'bafa ndipo ambulansi yamubweretsa ndi jumbo ya mankhwala a mitundu khumi. Dotolo wachinyamata ayang'ana ngati fupa la m'chiuno lathyoka ndi ngati mutu wavulala, ndipo achita bwino. Koma chimene chidamugwetsa chikhoza kukhala m'jumbomo: mapiritsi awiri otsitsa kuthamanga kwa magazi amene akumuchititsa chizungulire akaimirira, ogonetsa tulo amene adayamba zaka zisanu zapitazo ndipo palibe adawaunikanso, okodzetsa amene atsitsa mchere wa m'magazi. Akangomanga bala n'kumubweza ndi jumbo yomweyo, mwezi wamawa abweranso. Palinso mankhwala amene sadikira: wodwala matenda a Parkinson akachedwa kumwa levodopa thupi limauma ndipo akhoza kulephera kumeza, n'chifukwa chake bungwe la NICE limati azilandira pasanathe mphindi 30 kuchokera pa nthawi yake. Chimodzimodzi insulin ndi mankhwala a khunyu. Munthu amene wagona pa machira m'khonde kwa maola 15 sali pa wodi iliyonse, ndipo mankhwala ake a kunyumba amaiwalika mosavuta. Katswiri wa zamankhwala wokhala ndi cholembera atha kuwalemba pomwepo osadikira dotolo amene ali m'chipinda cha okomoka.

Ntchito imeneyi palibenso wina m'dipatimenti amene angaichite bwino chotere. Kumuchotsa munthu ameneyu kuti azikayang'ana akakolo obinya, ntchito imene namwino wophunzitsidwa kapena katswiri wa mafizo amaichita kale bwino lomwe, ndi kusinthanitsa mbuzi ndi nkhuku. Maphunziro abwino ndi amene amawonjezera luso lopima pamwamba pa luso la mankhwala, kuti akaona gogo uja athe kumuyeza magazi atakhala ndi ataima, kuwerenga ECG yake, n'kusiya mankhwala oyenera kusiya. Maphunziro amene amatulutsa munthu wongofanana ndi dotolo wamng'ono, waiwala chimene adabwera nacho, ndi otaya chuma.

Palinso nkhani ya diso lachiwiri. Chitetezo cha mankhwala m'zipatala chidamangidwa pa anthu awiri: wina alembe, wina aunike asanapereke. Wounikayo nthawi zonse wakhala wa ku famase. Iye akakhala wolemba, pafunika mnzake wina woti amuunike, ndipo malangizo a ntchitoyi ku Britain amati kulemba ndi kupereka mankhwala zizisiyanitsidwa pamene n'kotheka. Usiku, m'chipatala chimene chili ndi katswiri mmodzi yekha pantchito, mawu akuti pamene n'kotheka amalemera.

Koma chopinga chachikulu si mayunivesite. Makosi atha kutsegulidwa chaka chilichonse, ndipo ndondomeko ya ogwira ntchito ya NHS ya mu Juni 2023 idalonjeza kukweza malo ophunzirira zamankhwala kufika pafupifupi 5,000 pachaka pofika 2031. Chosowa ndi anamkungwi. Wophunzira aliyense amafuna munthu wodziwa amene angaime naye pa bedi la wodwala, kumuona akupima, n'kusaina kuti wakhoza. Kuyambira 2019 woyang'anira kosi yolemba mankhwala sayenera kukhala dotolo basi; namwino kapena katswiri wa zamankhwala wozama atha kutero. Izi zidathandiza pa chilolezo, koma pa matenda adzidzidzi woyenera kwenikweni akadali dotolo wamkulu wa A&E, ndipo dotolo yemweyo akuphunzitsa kale madotolo achinyamata, anamwino ndi ogwira ntchito za ambulansi, uku dipatimenti ikusefukira. Ola limene wathera pa wophunzira mmodzi walichotsa kwa wina.

Madotolo achinyamata akuliona zimenezi, ndipo sakusangalala. Kuyambira Malichi 2023 akhala akunyanyala ntchito kangapo, poyamba pa nkhani ya malipiro, kenako dandaulo la kusowa kwa malo ophunzirira ukatswiri lidalowanso. M'maso mwa ambiri a iwo, gulu lililonse latsopano limene likuphunzitsidwa kupima odwala likudya m'mbale yawo. Mkangano waukulu udali pa ma physician associate, anthu ophunzira zaka ziwiri pambuyo pa digiri ina amene amapima odwala koma saloledwa kulemba mankhwala. Pambuyo pa imfa zingapo zimene zidafika kwa ofufuza imfa ndi m'manyuzipepala, boma lidatuma Pulofesa Gillian Leng kuti aunike, ndipo lipoti lake la mu Julayi 2025 lidati dzina lawo lisinthe akhale ma physician assistant, komanso kuti asamaone odwala amene matenda awo sanadziwike, kupatula pamene pali ndondomeko yomveka. Boma lidavomera. Akatswiri a zamankhwala sadali m'lipotili, ndipo mbiri yawo ndi yosiyana: ali ndi kaundula wawo wakalekale ndi zaka zisanu za maphunziro. Komabe mawu akuti wodwala amene matenda ake sanadziwike ndi omwe aja a pakhomo la A&E. Kulakwitsa kumodzi kotchuka kukhoza kubweza ntchito yonseyi zaka khumi m'mbuyo.

Ndi bwinonso kunena chimene akatswiriwa sangathe, ngakhale ataphunzira motani. Anthu amene amagona pa machira m'makonde sakudikira wowapima. Adapimidwa kale, akudikira bedi. Mabedi ali odzaza chifukwa tsiku lililonse odwala oposa 12,000 m'zipatala za ku England ndi oti achira mokwanira kutuluka koma alibe kopita, poti chisamaliro cha okalamba kunyumba ndi m'malo osungira okalamba n'choperewera. Khomo lotulukira likatsekeka, kuwonjezera anthu pakhomo lolowera sikuchotsa mzere wa maambulansi. Chimene katswiri wa zamankhwala angachite ndi kufupikitsa mzere wa odwala pang'ono, kufulumizitsa mankhwala a otuluka, ndi kuletsa ena kuti asabwererenso.

Mwina malo amene akatswiriwa angapindulitse kwambiri ndi kunja kwa chipatala chachikulu. Pa nambala ya foni ya NHS 111, imene anthu amaimba akadwala mwadzidzidzi koma osati mwakayakaya, mafunso ambiri ndi a mankhwala: mwana wameza mapiritsi a agogo, mankhwala atha Loweruka madzulo, wina wamwa kawiri mwangozi. Akatswiri a zamankhwala akhala akuyankha mafoni oterewa kwa zaka zingapo tsopano. Pa 31 Januwale 2024 England idayambitsa Pharmacy First, imene imalola mafamase a m'tauni kuthandiza matenda asanu ndi awiri popanda kalata ya dotolo: zilonda zapakhosi, khutu lopweteka, matenda a m'mphuno, kulumidwa ndi kachirombo kumene kwasanduka chilonda, zilonda zapakhungu za impetigo, mashingozi ndi matenda a m'chikhodzodzo mwa amayi. Scotland idayamba yake mu 2020. Ku England mankhwalawa amaperekedwa potsatira malangizo olembedwa kale, osati mwa chilolezo cha katswiriyo, koma luso lofunika ndi lomwe lija: kuzindikira kuti khosi ili si la maantibayotiki, ndi la ambulansi.

Vuto ndi lakuti anthu ake ndi omwewo. Kuyambira 2019 NHS yakhala ikulipira makiliniki a madotolo a m'madera kuti alembe ntchito akatswiri a zamankhwala, ndipo zikwi zingapo zidasamukira kumeneko kuchokera m'zipatala ndi m'mafamase, pamene mafamase mazanamazana atsekedwa ku England m'zaka zomwezi. Aliyense amene wapita ku A&E wasiya mpata pena. Ndi kukumba dzenje kuti ukwirire lina. Nalonso bungwe limene linkatsogolera maphunzirowa silidakhazikike: Health Education England idalowa mu NHS England mu 2023, ndipo mu Malichi 2025 nduna yaikulu Keir Starmer idalengeza kuti NHS England nayo ithetsedwa, ntchito zake zibwerere ku unduna wa zaumoyo. Ndalama za makosi a zaka zitatu zimafuna ofesi imene ikhalepo zaka zitatuzo.

Chaka cha 2026 chibweretsanso chinthu chodabwitsa m'madipatimenti momwemo. Katswiri amene wagwira ntchito zaka 20 koma sadachite kosi ya masiku 26 sangalembe mankhwala a dotolo, pamene wachinyamata amene iye akumuphunzitsa ntchito ali ndi mphamvuyo. Wamkulu ali ndi maso, wamng'ono ali ndi cholembera. Zipatala zanzeru zidzawaika pamodzi ndipo sizidzafulumira kumusiya wachinyamatayo yekha ndi wodwala. Zipatala zopanikizika, zimene ndi zambiri, zidzayang'ana ndandanda ya ogwira ntchito usiku n'kuona dzina la munthu amene lamulo likumulola.

Lamulo lenilenilo silimuletsa. M'kaundula wa General Pharmaceutical Council, pafupi ndi dzina la munthu pamangolembedwa kuti ndi wolemba mankhwala woima payekha. Sipalembedwa kuti adaphunzirira shuga, mphumu kapena ngozi. Kupatula mankhwala ochepa a anthu ozolowera mankhwala ozunguza bongo, atha kulemba mankhwala alionse pa matenda alionse, malinga ngati iye mwini akuona kuti ali m'malire a luso lake. Bungwe la anamwino la Nursing and Midwifery Council lidagamula mu 2024 kuti liyamba kuika malamulo pa anamwino a luso lapamwamba. Kwa akatswiri a zamankhwala, kosi ya matenda adzidzidzi, digiri ya masters ndi mayeso a Royal College of Emergency Medicine zonse ndi zinthu zimene olemba ntchito atha kufuna kapena kusafuna. Chipatala china chidzafuna zaka zitatu za maphunziro munthu asanatenge khadi la wodwala payekha, china chidzakhutira ndi satifiketi ya miyezi ingapo, ndipo wodwala amene wakhala pa benchi kuyambira madzulo adzangoona baji pachifuwa cha amene wamuitana.